Iran ikupempha ana, koma mayi wobereka koyamba ikumusiya yekha

Mu Novembala 2021 dziko la Iran lidakhazikitsa lamulo lolimbikitsa anthu kuberekana. Lamulolo lidaletsa zipatala za boma kugawa ulere njira zolerera, lidaletsa kutseketsa kupatula pamene moyo wa mayi uli pachiswe, ndipo lidaika zipsinjo pa ntchito yoyeza thanzi la mwana akadali m'mimba. Lidalonjezanso mphatso: ngongole yofewa kwa makolo a khanda, malo omangapo nyumba kwa banja lofika pa ana atatu, mwayi wogula galimoto osadikira pamzere kwa mayi wobereka mwana wachiwiri, ndi tchuthi cha uchembere cha miyezi isanu ndi inayi. Nkhawa ya akuluakulu a dzikolo ili ndi maziko. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 mayi wa ku Iran ankabereka ana oposa asanu ndi mmodzi. Pofika 2000 adali atatsikira pa awiri, ndipo lero safika n'komwe pamenepo. Mu 2015 kudabadwa ana oposa 1.5 miliyoni, koma m'chaka chawo chimene chidatha mu Malichi 2025 obadwa sadakwane miliyoni imodzi. Ayatollah Ali Khamenei, mtsogoleri wamkulu wa dzikolo pa nthawiyo, adali atanena kale mu 2012 kuti ndondomeko ya kulera idapitirira muyeso.

Kulanda amayi njira zolerera ndi kulakwa, ndipo ndikunena mosapita m'mbali. Koma mlandu umene ndabwera nawo lero ndi wina. Boma limene likupempha mkazi kuti alibalire ana lili ndi mangawa kwa mkaziyo, ndipo silingawabweze ndi galimoto kapena puloti. Liyenera kumuteteza ku matenda ovutika maganizo amene amagwira amayi akangochira, ndipo liyenera kutero iye asanadwale. Njira yake ikudziwika ndipo idayesedwa: kukhala naye pansi akadali ndi pakati, n'kumupatsa uphungu wolongosoka wa zamaganizo. Iran ili ndi anthu ochitira ntchitoyi, ili ndi nyumba zochitiramo, ili ndi mayunivesite amene adaifufuza. Chimene chatsala ndi kufuna.

Mu 2013 Yousef Veisani ndi anzake adasonkhanitsa kafukufuku wochitika m'zigawo zosiyanasiyana za Iran, n'kupeza kuti mayi mmodzi mwa anayi alionse amakhala ndi zizindikiro za matendawa akabereka. Bungwe la WHO limati padziko lonse amayi pafupifupi 13 mwa 100 ongobereka kumene amadwala matenda a maganizo, ndipo m'mayiko osauka ndi ongotukuka kumene amayandikira 20. Wina anena kuti mafunso oyezera amakola ndi ena amene sakudwala kwenikweni. Nzoona. Dulani chiwerengero cha Veisani pakati, mutsalabe ndi amayi oposa 100,000 chaka chilichonse.

Tisasakanize zinthu zitatu. Pakapita masiku atatu kapena asanu mwana atabadwa, amayi ambiri amalira popanda chifukwa chooneka ndi kupsa mtima msanga, pakuti mahomoni amene adakwera nthawi ya mimba amatsika mwadzidzidzi. Zimenezi zimatha zokha masabata awiri asanakwane. Palinso kusokonezeka mutu kwenikweni, kumene kumagwira mayi mmodzi kapena awiri mwa 1,000, ndipo n'kofunika chipatala tsiku lomwelo. Amene ndikunena ine ali pakati pa ziwirizi. Ndi chisoni chosachoka kwa masabata ndi miyezi. Mwana wagona, iye tulo osabwera. Chakudya sichikoma. Mantha ali thoo, oti amugwetsa mwana, oti mkaka wake sukukwana, oti mwanayo akadapeza bwino akadabadwa kwa mkazi wina. Chowawa koposa ndi kuyang'ana khanda limene adaliyembekezera miyezi isanu ndi inayi, mumtima muli zii. Sauza munthu, chifukwa aliyense wobwera kudzaona mwana akumuuza kuti ndi wodala. Ena amafika poganiza zodzipha. Ndipo matendawa sathera pa mayi. Kafukufuku wa Atif Rahman m'midzi ya ku Pakistan adaonetsa kuti makanda a amayi odwala chonchi amapinimbira ndi kutsekula m'mimba kawirikawiri kuposa anzawo.

Bwanji ndikukakamira pa wobereka koyamba? Taonani kuti iye ndi yani. Mtsikana amene akutenga mimba yoyamba ku Iran lero adabadwa m'zaka zomwe boma lomweli linkalalikira mabanja aang'ono, nkhondo ya Iran ndi Iraq itatha mu 1988. Adakulira m'nyumba ya ana awiri, mwina ali yekha. Sadalerepo mng'ono wake, sadasambitsepo khanda, ndipo khanda loyamba kukhala nalo usiku wonse ndi lake lomwe. Anthu atatu mwa anayi a ku Iran amakhala m'mizinda, choncho n'kutheka kuti ali m'kanyumba ka lendi pamwamba pa nyumba yosanja ku Tehran, ku Karaj kapena ku Mashhad, anansi osawadziwa maina. Sukulu adapita nayo patali, pakuti atsikana a ku Iran amadzaza mayunivesite, koma akazi opeza ntchito yolipidwa safika 20 mwa 100, ndipo amene ali nayo amaopa kuti pobwera ku tchuthi adzapeza mpando wake pali wina. Chichokereni Amereka m'pangano la zanyukiliya mu 2018 n'kubwezeretsa ziletso zamalonda, mitengo ya zinthu yakhala ikukwera chaka ndi chaka, matewera ndi mkaka wa m'chitini womwe. Onjezanipo mpeni. Pafupifupi theka la ana a ku Iran amabadwa kudzera pa opaleshoni, chiwerengero chimene chili m'gulu la zokwera kwambiri padziko lonse, ndipo chidakakamiza boma mu 2014 kulamula kuti kubereka mwachilengedwe m'zipatala zake kukhale kwaulere. Mayi wathuyu wafika kunyumba ndi bala pamimba ndi mwana amene sadziwa kumunyamula. Akadwala ulendo uno, ngozi yodwalanso pa mimba zotsatira imakula. Kutchinga matenda oyambawa ndiko kutchinga ambiri.

Makolo a ku Iran ankadziwa kuti nthawi imeneyi ndi yoopsa. Masiku makumi anayi oyambirira mayi wongochira ndi wosamalidwa. Amayi ake amabwera kudzakhala naye, kapena iye amapita kwawo. Amamuphikira kachi, phala lofewa la ufa, mafuta, shuga ndi safironi, kuti mphamvu zibwerere. Ankamusambitsa mwamwambo pa tsiku lakhumi ndi la makumi anayi. Adali ndi nthano ya Al, chiwanda chachikazi chimene amati chimaba chiwindi cha mayi wongobereka akasiyidwa yekha, ndipo pochiopa ankaika mpeni kapena chitsulo pafupi ndi pogona pake n'kumasinthana kumulondera. Chiwandacho sindichikhulupirira, koma lamulo limene chidabala ndi lanzeru zakuya: mayi wongochira asakhale yekha. Ife amene tikudziwa chikuta sitifunika kutifotokozera.

Apa ndi pamene otsutsa amaimira. Amati banja la ku Iran ndi lolimba, mayi ali ndi amayi ake ndi apongozi, za uphungu nza azungu osowa abale. Ndikuwayankha ndi chiwerengero chomwe chija. Mmodzi mwa anayi uja adapezeka m'dziko lomwelo la kachi ndi masiku makumi anayi. Mwambo umadyetsa thupi ndi kulipumitsa, ndipo uyenera kutetezedwa kumene ukadalipo, koma sufunsa mayi zimene zili mumtima. Alendo amabwerera mwana. Ndipo pali zinthu zimene mkazi sangauze amayi ake omubala, nanji apongozi: kuti sakumva chikondi pa mdzukulu wawo, kapena kuti chimene chikumudya ndi mwana wawo wamwamuna. Masiku makumi anayi akatha agogo amalongedza, pamene matendawa nthawi zambiri ndi pomwe akuzika mizu.

Umboni woti uphungu umateteza ulipo, ndipo si wa dzulo. Mu 2013 Cindy-Lee Dennis ndi Therese Dowswell adaunika kafukufuku 28 wokhudza amayi pafupifupi 17,000, n'kupeza kuti amayi olandira chithandizo cha maganizo ndi cha chilimbikitso ankadwala mocheperapo kusiyana ndi ongolandira chisamaliro cha masiku onse. Mu 2019 gulu la akatswiri lolangiza za kapewedwe ka matenda ku Amereka, la USPSTF, lidapeza kuti uphungu umachepetsa ngozi yodwala ndi magawo 39 pa 100, ndipo lidalangiza kuti mayi aliyense amene ali pangozi azitumizidwa kukaulandira. Njira ziwiri ndi zimene zidaonekera, ndipo ndikufuna owerenga aone zimene zimachitika m'chipindamo, chifukwa ambiri amayesa ndi kucheza wamba.

Yoyamba ndi CBT, imene Aaron Beck adaiyala m'zaka za m'ma 1960. Mfundo yake ndi yoti zimene munthu amadziuza mumtima zimaumba mmene akumvera ndi zimene achite. Mwana walira usiku wonse, mayi adziuza kuti akulira chifukwa ine ndine wolephera. Ganizolo limutsekera m'nyumba, asiya kuyankha foni, asiya kusamba, ndipo kudzipatulako kumatsimikizira ganizo lija. Mlangizi amamuphunzitsa, mimba ikadali ya miyezi isanu kapena isanu ndi umodzi, kuligwira ganizo lotere likangotulukira ndi kulifunsa umboni. Amamuuziratu kuti kulira kwa makanda kumakwera mpaka cha m'sabata yachisanu ndi chimodzi kenako n'kuyamba kutsika, ndiponso kuti chikondi pa khanda kwa amayi ambiri chimabwera pang'onopang'ono. Kenako amalemba limodzi zinthu zogwirika: ndani adzadzuke usiku uti, adzagona nthawi yanji masana, adzaimbira yani zikadzavuta, ndi kanthu kamodzi kotani komukondweretsa kamene adzachite tsiku lililonse ngakhale asakufuna. Amapita nazo kunyumba kukayeserera, n'kubwera kudzanena mmene zayendera. Nyumba timafolera mvula isanagwe, ndipo maphunzirowa ndi a nthawi imene mayi akadali ndi tulo ndi mphamvu zoti amve.

Yachiwiri ndi IPT, ya Gerald Klerman ndi Myrna Weissman, ndipo ine ndimaiona kuti ndiyo yomukwana kwambiri mayi wa ku Iran. Iyo imayang'ana pa ubale wa munthu ndi omuzungulira: kusintha kwa udindo, mikangano, maliro, ndi kusungulumwa. Kubereka koyamba ndiko kusintha kwa udindo kwakukulu kumene mkazi angakumane nako. Dzulo adali wophunzira, wantchito, mwana wa amayi ake. Lero ndi mayi wa wina usana ndi usiku. IPT imamulola kunena kuti akulira moyo wake wakale popanda kumuyesa woipa. Imamuphunzitsanso chinthu chimene atsikana ambiri oleredwa mwaulemu sadaphunzitsidwe, ndicho kupempha. Amayeserera, mawu ndi mawu, mmene angauzire mwamuna wake kuti usiku wa Lachinayi mwana ndi wake, ndi mmene angayankhire apongozi amene akuumirira kuti khanda lipatsidwe madzi a shuga, mwaulemu koma osagonja. Pulogalamu ya ROSE, imene Caron Zlotnick adaikonza potsata IPT, ndi misonkhano inayi ya pagulu nthawi ya mimba ndi umodzi mwana atabadwa. Ndi yomweyo basi. Anamwino ndi alangizi a zaumoyo angathe kuiphunzitsa, sifunika dokotala wa zamaganizo.

Si chilichonse chotchedwa uphungu chimagwira ntchito, ndipo boma lofuna kudzionetsa lingabisale apa. Kuunika kwa Dennis ndi Dowswell sikudapeze phindu looneka pa makalasi wamba a amayi apakati, kapena pa kucheza kamodzi ndi mayi ali pabedi la chipatala. Chimene chidathandiza ndi chithandizo chobwerezabwereza ndi cholunjika pa munthu: anamwino ndi azamba oyendera mayi kunyumba, foni yochokera kwa mayi mnzake amene adadutsamo, ndi IPT. Iran ili kale ndi makalasi asanu ndi atatu okonzekeretsa amayi kubereka, ophunzitsidwa ndi azamba, amene cholinga chake chachikulu ndi kuchepetsa mantha a kubereka ndi maopaleshoni. Kuthiramo ola limodzi lokamba za chisoni cha pambuyo pobereka sikukwanira. Koma amayi asonkhana kale, mzamba alipo kale, chipinda chilipo kale. Muphunzitseni mzambayo njira yeniyeni, mumupatse womuyang'anira, gulu likhale laling'ono loti aliyense alankhule, ndipo wina amulondole mayiyo kunyumba kapena pafoni mwana akabadwa.

Onena kuti izi nza kwa azungu ayang'ane kutsidya kwa malire a kum'mawa a Iran. Ku Rawalpindi, ku Pakistan, Pamela Surkan, Atif Rahman ndi anzawo adatenga amayi apakati amene adali ndi nkhawa koma asanadwale matenda ovutika maganizo. Ena adawapatsa maphunziro a CBT kasanu ndi kamodzi, ophunzitsidwa ndi anthu amene sadali akatswiri a zamaganizo. Zotsatira zidatuluka mu 2024. Patapita masabata asanu ndi limodzi atabereka, 12 mwa 100 a olandira maphunziro ndi amene adadwala, pamene mwa osalandira adadwala 41. Awa ndi amayi achisilamu, ambiri osauka, okhala ndi apongozi m'nyumba imodzi. Kale mu 2008 Rahman adali ataonetsa m'midzi ya m'dera lomwelo kuti alangizi a zaumoyo aakazi angathe kuchiza matendawa ndi njira yomweyi, ndipo mu 2015 WHO idaitenga n'kuisindikiza kuti mayiko ena aigwiritse ntchito. Uphunguwu sulimbana ndi chipembedzo. Mayi amene pemphero limamutonthoza, mlangizi wanzeru amaliika pemphero m'ndondomeko yake ya tsiku. Chimene uphungu umakana ndi kumuuza mayi wodwala kuti akudwala chifukwa chikhulupiriro chake n'chochepa.

Akatswiri a ku Iran nawo sadagone. Mayunivesite a zaumoyo a ku Tabriz, Mashhad, Isfahan ndi Tehran atulutsa kafukufuku wambiri woyesa uphungu pa amayi apakati, ndipo wochuluka amaonetsa phindu. Chofooka chake n'chakuti ambiri ndi a amayi ochepa, otsatiridwa masabata owerengeka, ndipo wofufuza akalandira digiri yake ntchito imathera pomwepo. Mayi wobwera kusikelo mwezi wotsatira sapeza kanthu. Izi zimandipweteka, chifukwa dziko limeneli lidaonetsa kale kuti limatha kutenga chinthu chabwino n'kuchifikitsa pakhomo lililonse. M'zaka za m'ma 1980, nkhondo ili mkati, Iran idamanga tinyumba ta zaumoyo m'midzi, tomwe lero taposa 17,000, n'kuikamo a behvarz, anthu osankhidwa m'mudzi momwemo ndi kuphunzitsidwa zaka ziwiri. Iwo ndiwo adayendetsa katemera, sikelo ndi kulera. Chakumapeto kwa zaka zomwezo chithandizo cha matenda a maganizo chidalowetsedwa m'ntchito yawo, kuyambira ku Shahreza ndi ku Shahr-e Kord, ndipo mu 2008 WHO idaika Iran pa zitsanzo za mayiko amene adachita bwino zimenezi. Behvarz amadziwa mtsikana aliyense amene ali ndi pakati m'mudzi mwake. Ngati angatumidwe kukalimbikitsa mabanja kubereka, angatumidwenso kukakhala ndi mayi maola asanu ndi limodzi. M'mizinda, momwe ukondewu udali wofooka, boma lidayamba kuika akatswiri a zamaganizo m'zipatala zazing'ono pambuyo pa kusintha kwa ntchito zaumoyo kwa mu 2014. Asamadikire mayi amene wagwa kale. Akhale aphunzitsi ndi oyang'anira a azamba.

Chida chopezera amene ali pangozi chilipo. Ndi mafunso khumi a Edinburgh, amene John Cox ndi anzake adawatulutsa mu 1987, otenga mphindi zisanu kuyankha. Ali Montazeri ndi anzake adawatsimikizira m'Chiperezi mu 2007. Mafunso omwewo aliponso m'Chichewa, ndipo Robert Stewart ndi gulu lake adawayesa pa amayi apakati ku Mangochi, choncho zimene ndikufunsa Tehran zikutiyang'ana ifenso kumaso. Koma kufunsa mayi ngati waganizapo zodzivulaza, iye n'kuvomera, inu n'kungolemba m'kompyuta, ndi nkhanza. Ofunsa akhale ndi komutumiza.

Mankhwala ali ndi malo ake, ndipo sindifuna mayi aliyense awaope. Amene wadwala kwambiri amafunika mapiritsi monga sertraline, amene madokotala amapereka ngakhale kwa woyamwitsa. Koma pa nkhani yoteteza, a USPSTF sadapeze umboni wokwanira woti mankhwala azimwedwa pasadakhale. Piritsi latsopano la zuranolone, lovomerezedwa ku Amereka mu 2023, lidafika pamsika pa mtengo wa madola pafupifupi 16,000 kwa masiku khumi ndi anayi, ndipo ndi lochiza. Mayi wa mumzinda wa Ahvaz ku Iran sangaliyembekezere. Uphungu sudutsa kubanki yakunja kapena padoko, ndipo ziletso zamalonda sizingautseke.

Pali chitsutso chimodzi chimene ndimachilemekeza, chochokera kwa omenyera ufulu wa amayi. Amafunsa kuti kodi uphunguwu si njira yomuphunzitsira mkazi kupirira zosapiririka? Zimene zimakankhira mayi m'matendawa zimadziwika: mimba yosaifuna, nkhanza za m'banja, umphawi, mwamuna wosathandiza, ndi kudwalapo kale maganizo. Mimba yosaifuna ndiyo imene lamulo la 2021 likuchulukitsa pobisa njira zolerera, ndipo oyamba kupwetekeka ndi osauka amene sangakagule kusitolo ya mankhwala. Malamulo a dzikolo amalola mtsikana kukwatiwa ali ndi zaka 13, ngakhale kucheperapo bambo ake ndi khoti akavomereza. Mwana wotere akatenga mimba, palibe CBT imene ingakonze chimene chamuchitikira. Onena izi akunena zoona, ndipo boma limene lingapereke uphungu uku likupitiriza kupanga ngozi silingayamikiridwe mokwanira. Komabe mayi amene ali ndi pakati lero sangadikire kuti malamulo asinthe. Ndipo uphungu wabwino suphunzitsa kugonja. Chipinda chimene mzamba amafunsa mayi ali yekha kuti kunyumba kuli bwanji, n'kutheka kuti ndi malo okhawo amene nkhanza zingatulukire poyera. Mzamba ameneyo aphunzitsidwe chochita akamva.

Chinsinsi pano ndi nkhani ya moyo. Ndime 1170 ya malamulo a zachiweniweni a Iran imati mayi akachita misala pa nthawi imene akusunga mwana, udindowo umapita kwa bambo. Kuvutika maganizo si misala, ndipo dokotala aliyense angachitire umboni. Koma mkazi amene banja lake likugwedezeka sawerenga ndime za malamulo mofatsa ngati loya. Amangodziwa kuti pepala lonena kuti mutu wake sukuyenda bwino lingadzatulutsidwe tsiku lina kukhoti. Ndiye amayankha mafunso khumi aja kuti zonse zili bwino. N'chifukwa chake ndikuti maphunziro oyambirira aperekedwe kwa wobereka koyamba aliyense, monga amaperekera mapiritsi oonjezera magazi, kuti wolowa m'chipindamo asalozedwe chala. Amene apezeke kuti ali pangozi yaikulu awonjezeredwe nthawi mwakachetechete. Ndikudziwa kuti umboni wamphamvu kwambiri uli pa amayi osankhidwa kuti ali pangozi. Koma kumene kusankhidwako kuli ndi mtengo wotere, khomo lotsegukira onse ndi limene lingawalowetse.

Mwamuna asatsale panja. Lamulo limamupatsa tchuthi mwana akabadwa. Abwere ku msonkhano umodzi, amve ndi makutu ake kuti kusowa tulo kumadwalitsa, aphunzire zizindikiro zoti akaziona athamangire kuchipatala, ndipo avomere pamaso pa mzamba mausiku amene adzadzuke. Agogo amene adzakhale m'nyumbamo masiku makumi anayi aitanidwenso, pakuti iwo ndi amene adzakhale oyamba kuona kuti mwana wawo wasiya kudya.

Kwa akuluakulu amene amamva chiwerengero chokha, nachi chimodzi. Ku Denmark, Xiaoqin Liu ndi anzake adatsatira amayi zikwi mazana ambiri, n'kulengeza mu 2020 kuti mwa amene adadwala matenda a maganizo atabereka mwana wachisamba, 69 mwa 100 ndi amene adaberekanso, pamene mwa osadwala adali 82. Mkazi amene miyezi yoyamba ya umayi idali mdima safulumira kubwereramo, ngakhale mumulonjeze chiyani. Ndatchula izi chifukwa mwina ndizo zingatsegule thumba la ndalama, koma sindifuna kuti chikhale chifukwa chake. Mayiyu ayenera kutetezedwa ngakhale atatsimikiza kuti mwana mmodziyu ndi wokwana.

Unduna wa zaumoyo ku Tehran usankhe njira imodzi yoyesedwa, uikonze m'Chiperezi ndi m'zinenero zina za dzikolo monga Chiazeri, Chikurdi, Chiarabu ndi Chibaluchi, uphunzitse azamba ndi a behvarz, uwalipire nthawi imeneyi ngati ntchito yeniyeni, ndipo chaka chilichonse uzilengeza kuti obereka koyamba angati adafikiridwa ndi angati mwa iwo adadwalabe. Ndipo usayambire m'madera olemera a kumpoto kwa Tehran, kumene amene ali ndi ndalama amadzilipirira okha mlangizi. Uyambire ku Sistan ndi Baluchestan, chigawo chosauka kwambiri, kumene atsikana amakwatiwa aang'ono, zipatala zili patali, ndipo ana amabadwa ochuluka kuposa kwina kulikonse m'dzikomo. Uyambirenso m'mphepete mwa mizinda ya Mashhad ndi Zahedan, kumene amayi othawa kwawo ku Afghanistan amabereka amayi awo ali kutsidya kwa malire, ena alibe zikalata, akuopa kuti kufika kuchipatala n'kudzipereka kuti athamangitsidwe. Mzamba wa kumeneko apatsidwe lamulo lolembedwa loti asafunse chikalata mayi asanalowe m'kalasi.